Nsungu za Kumaliseche M'banja Lokhazikika

Nsungu za kumaliseche, zimene m'mabuku a zachipatala zimatchedwa herpes, ndi matenda oyambitsidwa ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi kamene kakalowa m'thupi sikatulukamonso, ndipo khalidwe limeneli ndi limene limachititsa kuti matendawa akapezeka mwa munthu amene wakhala pabanja zaka zisanu, khumi kapena makumi awiri, funso loyamba kubuka m'nyumba likhale lakuti wabweretsa ndani. Anthu anazolowera kuwerengetsa masiku potengera chinzonono, chimene chikaoneka pa mwamuna nthawi zambiri chimakhala kuti chalowa m'masiku ochepa apitawo, motero amaganiza kuti chilonda chilichonse cha kumaliseche chikuloza kumene munthu anagona sabata yatha. Pa herpes kuwerengetsa kotereku kumasocheretsa, popeza tsiku limene chilonda chaonekera ndi tsiku limene kachilombo kanalowa amatha kutalikirana ndi zaka zambiri, ndipo banja limene silikudziwa zimenezi likhoza kupasuka chifukwa cha mlandu umene palibe anaupalamula.

Kachilombo kobisala m'mitsempha

Kachilomboka kali ndi mitundu iwiri, imene akatswiri anaisiyanitsa m'zaka za m'ma 1960 ndipo amaitchula mwachidule kuti HSV-1 ndi HSV-2. Mtundu woyamba ndi umene umatulutsa timatuza ta pamilomo timene ambiri amationa akadwala malungo kapena chimfine, ndipo ochuluka amautenga akadali ana kudzera m'malovu ndi kupsompsonedwa ndi achibale, pamene mtundu wachiwiri umakonda khungu la kumaliseche ndi kumatako ndipo umafala pogonana. Malire a mitundu iwiriyi si okhwima, chifukwa mtundu woyamba umathanso kufika kumaliseche anthu akagonana m'kamwa, ndipo zilonda zake sizisiyana maonekedwe ndi za mtundu wachiwiri.

Kachilomboka kamalowa kudzera m'timing'alu ta pakhungu tosaoneka ndi maso, kamaswana pamalopo, kenako kamakwera motsata mitsempha imene imanyamula uthenga wa kukhudza ndi ululu mpaka kukafika pa timfundo ta mitsempha timene tili m'munsi mwa msana. M'menemo kamakhala phee, osaswana, pamalo pamene chitetezo cha m'thupi sichingakafafanize ndiponso pamene mankhwala onse amene alipo lero sagwira. Nthawi ndi nthawi kamadzuka n'kutsika ndi mtsempha womwewo kubwerera pakhungu, ndipo zimene zimakadzutsa ndi monga kutentha thupi chifukwa cha matenda ena, nkhawa yaikulu, msambo, opareshoni, kapena kufooka kwa chitetezo cha m'thupi.

Mwa anthu ena zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 2 ndi 12 kuchokera pamene kachilombo kalowa: pamatuluka timatuza ta madzi tounjikana, timene timaphulika n'kusiya tizilonda topweteka, nthawi zina pamodzi ndi mwanabere, kutentha thupi ndi ululu pokodza, ndipo kudwala koyambaku kumatha kutenga masabata awiri mpaka anayi. Amene amadwala motere ndi ochepa. Ochuluka saona kanthu, kapena amaona kang'alu kakang'ono, kuyabwa kwa masiku awiri, kapena kachiphuphu kamene amakaganizira kuti kabwera ndi lezala kapena kukhulika kwa zovala. Ku United States, kumene zipatala zoyezera n'zambiri, kafukufuku wa boma anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 14 mpaka 49 amene ali ndi HSV-2, pafupifupi 87 sanauzidwepo ndi dokotala kuti ali ndi matendawa.

Kuchuluka kwa anthu amene ali ndi kachilomboka n'kofunika kukudziwa, chifukwa kumasintha momwe munthu angaonere zimene zamugwera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu Disembala 2024 kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 846 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anali ndi herpes ya kumaliseche, kutanthauza oposa mmodzi mwa asanu alionse a msinkhu umenewu, ndipo mwa amenewa 520 miliyoni anali ndi mtundu wachiwiri. Chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo: chiwerengero cha bungwe lomweli cha chaka cha 2016 chinaonetsa kuti amayi pafupifupi 44 mwa 100 alionse ndi abambo 25 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'chigawochi anali ndi HSV-2. Pamene zinthu zili chonchi, mabanja ambiri amayamba mmodzi mwa awiriwo ali kale ndi kachilombo kamene anakatenga pa chibwenzi cha paunyamata kapena pa banja loyamba, iye mwini osadziwa.

Mmene matendawa amaonekera pakati pa anthu okhulupirika

Chimene chinasintha kamvedwe ka madokotala pa matendawa ndi kuzindikira kuti kachilombo kamatha kufika pakhungu n'kupatsirika popanda chilonda chilichonse. Gulu la akatswiri a pa University of Washington ku Seattle, motsogozedwa ndi Anna Wald, linapempha anthu 498 okhala ndi HSV-2 kuti azipukuta khungu la kumaliseche ndi kathonje tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2011 zinaonetsa kuti mwa amene ankatuluka zilonda kachilombo kankapezeka pakhungu pafupifupi tsiku limodzi mwa masiku asanu, pamene mwa amene anali asanaonepo chizindikiro chilichonse kankapezeka pafupifupi tsiku limodzi mwa masiku khumi. Kafukufuku wina wa ku United States komweko, wofalitsidwa mu 1992, anatsatira mabanja 144 mmene mmodzi yekha anali ndi matendawa, ndipo pa nthawi ya pafupifupi chaka kupatsirana kunachitika m'mabanja 14, koma pafupifupi kasanu ndi kawiri mwa kakhumi kalikonse kunachitika pamene wopatsirayo analibe chizindikiro.

Ziwerengero ziwirizi zikayikidwa pamodzi zimafotokoza chimene chimadabwitsa mabanja. Kachilombo kamapezeka pakhungu kawirikawiri, komabe kupatsirana pa kugonana kumodzi n'kosowa, kotero kuti mwamuna amene anatenga HSV-2 asanakwatire, ndipo sanadwalepo, akhoza kukhala ndi mkazi wake zaka zisanu ndi zitatu osamupatsira, n'kudzamupatsira m'chaka chachisanu ndi chinayi. Mkaziyo amadwala kwambiri, popeza thupi lake likukumana ndi kachilomboka koyamba, ndipo onse awiri amaganiza kuti pali munthu wachitatu, chikhalirecho kachilombo kanali m'nyumbamo kuyambira tsiku la ukwati. Zimathekanso kuti wodwalayo ndi amene anali ndi kachilombo kuyambira kale, kali chigonere m'mitsempha, n'kudzaonekera koyamba atafooka ndi matenda ena kapena ali ndi pakati, ndipo ngakhale kuti kudwala koyamba kwenikweni kumakhala kowawa kwambiri, kukula kwa zilonda pakokha sikupereka umboni wokwanira wa nthawi imene kachilombo kanalowa. Njira ina, imene anthu ambiri saiganizira n'komwe, ndi ya mtundu woyamba uja: munthu amene anatenga HSV-1 ali mwana kuchokera kwa agogo ake akhoza kupatsira mnzake kumaliseche pogonana m'kamwa, ngakhale pamilomo pake palibe thuza.

Kunena zimenezi sikukana kuti zibwenzi zamseri zilipo, ndiponso kuti nthawi zina matendawa amalowadi m'banja kudzera kunja. Mfundo ndi yakuti kupezeka kwa herpes pakokha sikungatsimikize kuti wina anayenda njira, monganso sikungatsimikize kuti sanayende, motero amene akufuna kudziwa za kukhulupirika kwa mnzake ayenera kufufuza pa zifukwa zina, osati pa chilondacho. Apa pali chosalungama chimene chiyenera kutchulidwa poyera. Mayi ndi amene kawirikawiri amayamba kupezeka ndi matendawa, chifukwa kachilombo kamapita mosavuta kuchoka kwa mwamuna kulowa mwa mkazi kusiyana ndi kuchoka kwa mkazi kulowa mwa mwamuna, komanso chifukwa ndi iye amene amafika kuchipatala pafupipafupi, kusikelo ndi kukulera, pamene bambo amatha zaka osaonana ndi dokotala. Woyamba kupezeka si ndiye woyamba kutenga, koma nkhani ikafika kwa ankhoswe, amene amaweruza ndi nzeru yotengera chinzonono ndi chindoko, amene wagwira chikalata cha kuchipatala ndi amene amasenza mlandu, ndipo amayi ena amanyozedwa, kumenyedwa kapena kubwezedwa kwawo chifukwa cha kachilombo kamene anapatsiridwa ndi amene akuwaimba mlanduyo. Ankhoswe, alangizi a mabanja ndi atsogoleri a mipingo amene amadziwa za kubisala kwa kachilomboka angathe kupulumutsa mabanja amene mankhwala sangawapulumutse.

Zimene kuyeza kungathe kuyankha

Kuyeza kodalirika kwambiri ndi kopukuta chilonda chikadali chachiwisi n'kufufuza chibadwa cha kachilombo m'timadzi take, njira imene imatchedwa PCR, ndipo imatha kunenanso ngati ndi mtundu woyamba kapena wachiwiri. Kudziwa mtundu kuli ndi phindu lenileni, popeza HSV-2 imabwereza pafupifupi kanayi kapena kasanu m'chaka choyamba mwa munthu amene anayamba ndi zizindikiro, pamene HSV-1 ya kumaliseche imabwereza pafupifupi kamodzi, ndipo ambiri saionanso. Pa mitundu yonse iwiri kubwerezaku kumanka kuchepa zaka zikamapita.

Kuyeza magazi n'kosiyana, chifukwa sikufufuza kachilombo kenikeniko koma mapuloteni a chitetezo amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo mapuloteniwa amatha kutenga masabata 12 mpaka 16 kuti achuluke mokwanira kuoneka. Akaoneka, amangonena kuti kachilombo kanalowa nthawi ina, osanena chaka, malo a pathupi kapena munthu amene kanachokera. Pali mpata umodzi wokha pamene kuyeza kumanena kanthu pa za nthawi: ngati chilonda chaonetsa HSV-2 koma magazi a munthu yemweyo sanayambe kuonetsa mapuloteni a mtunduwo, ndiye kuti kachilombo kalowa posachedwa. Ngakhale pamenepo, kulowa posachedwa mwa wodwalayo sikutanthauza kuti kalowa posachedwa m'banjamo, chifukwa mnzakeyo akhoza kukhala kuti wakhala nako zaka. N'chifukwa chake kuyeza mmodzi yekha sikuthandiza kwenikweni, ndipo kumene kuyeza magazi kulipo n'kwabwino kuti onse awiri ayezedwe ndi kumva zotsatira pamodzi pamaso pa mlangizi. Zipangizo zina zoyezera magazi zimaonetsanso kuti munthu ali ndi HSV-2 pamene alibe, makamaka chiwerengero cha mapuloteni aja chikakhala chotsika, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti kulakwitsa kotere kumachuluka pa magazi a anthu a ku Africa, kotero kuti zotsatira zokayikitsa ziyenera kutsimikizidwa ndi njira ina banja lisanamangepo chigamulo chilichonse.

M'zipatala zambiri za ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo njira ziwiri zoyezerazi sizipezeka mwachisawawa, ndipo ogwira ntchito zachipatala amatsata njira yochiza potengera zizindikiro, imene imatanthauza kuti munthu wobwera ndi chilonda cha kumaliseche amalandira nthawi imodzi mankhwala a matenda angapo amene angayambitse chilonda chotero. Njirayi ndi yanzeru kumene kulibe labotale, chifukwa chindoko chosachizidwa chimawononga kwambiri, koma imabweretsa kusamvetsetsana kunyumba: wodwala amabayidwa jakisoni wa chindoko, amapatsidwa kapepala koitanira mnzake kuchipatala, ndipo onse awiri amatenga jakisoniyo ngati umboni wakuti chindoko chapezeka. Kafukufuku amene anachitika ku Lilongwe pakati pa 2004 ndi 2006 mwa odwala 422 a zilonda za kumaliseche anapeza kuti pafupifupi zilonda ziwiri mwa zitatu zilizonse zinali ndi HSV-2, pamene zachindoko zinali zochepa kwambiri. Chilonda cha chindoko nthawi zambiri chimakhala chimodzi ndipo sichipweteka, pamene tizilonda ta herpes timapweteka ndipo timabwerera pamalo amodzimodzi, ndipo kubwereraku kusatengedwe ngati chizindikiro chakuti wina wayambiranso kuyenda kunja. Aliyense amene wapezeka ndi chilonda cha kumaliseche ayenerabe kuyezetsa chindoko ndi HIV.

Kukhala ndi matendawa muli awiri

Mankhwala othetseratu kachilomboka kulibe, ndipo katemera wake sanapezeke, koma mankhwala ochepetsa mphamvu yake alipo ndipo ndi otsika mtengo. Acyclovir anapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ku kampani ya Burroughs Wellcome ndi gulu limene munali Gertrude Elion, amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1988, ndipo amagwira ntchito poletsa kachilombo kuswana pamene kadzuka. Valacyclovir ndi mankhwala a m'banja lomwelo amene amalowa bwino m'magazi, motero samwedwa kambirimbiri patsiku. Mankhwalawa amaperekedwa kwa masiku ochepa zilonda zikayamba, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa msanga, munthu atangomva kuyabwa kapena kunyerenyesa kumene kumatsogolera matuza. Kwa amene zilonda zimawabwerera pafupipafupi amaperekedwa tsiku ndi tsiku, ndipo akamwedwa motere amachepetsa kubwereza ndi magawo 70 mpaka 80 pa 100.

Banja limene onse awiri ali ndi mtundu umodzi wa kachilomboka lilibe chifukwa choopera kupatsirana, chifukwa kudwala kwa aliyense kumachokera ku kachilombo kamene kali kale m'mitsempha yake. Funso limakula pamene mmodzi alibe. Kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Lawrence Corey, wofalitsidwa mu 2004, anatsatira mabanja 1,484 otere kwa miyezi isanu ndi itatu, ndipo anapeza kuti kumene wokhala ndi HSV-2 ankamwa valacyclovir wa mamiligalamu 500 tsiku lililonse, anzawo amene anatenga kachilombo anali 1.9 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 3.6 pa 100 alionse kumene sankamwa mankhwalawo. Kondomu imatetezanso, ngakhale kuti siphimba khungu lonse limene kachilombo kangatulukire, ndipo kafukufuku wa mabanja a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti imateteza mkazi kwambiri kuposa momwe imatetezera mwamuna. Ku Rakai m'dziko la Uganda kunapezeka kuti mdulidwe wa abambo wa kuchipatala umachepetsa mpata woti mwamuna atenge HSV-2 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kupewa kugonana kuyambira pamene kunyerenyesa kwayamba mpaka khungu litapoleratu ndi chinthu chimene banja lililonse lingathe popanda ndalama, koma chimafuna kuti wodwalayo azitha kuuza mnzake mosaopa kuti masiku aja afika.

Kuulula kumeneku kuli ndi mphamvu imene inayezedwapo. Mu 2006 gulu la ku Seattle lija linafalitsa zimene linapeza mwa anthu amene anali atangotenga kumene herpes ya kumaliseche, ndipo amene anzawo anawauziratu za matendawa anakhala nthawi yotalika kwambiri asanatenge, pafupifupi masiku 270, poyerekeza ndi masiku 60 mwa amene sanauzidwe. Munthu amene wabisa kudwala kwake poopa mkangano amakakamizika kugonana pa masiku amene akanayenera kupewa, kapena kukana mnzake popanda chifukwa chomveka, ndipo kukana kosafotokozedwaku kumadzutsa kukayikirana komwe ankathawa kuja. Mantha ena amene amalowa m'nyumba alibe maziko: kachilomboka sikafala kudzera pa chimbudzi, zofunda, sopo kapena mbale, sikachititsa kusabereka, ndipo khansa ya khomo la chiberekero imayambitsidwa ndi kachilombo kena kotchedwa HPV. Manyazi amene amazungulira matendawa m'mayiko a azungu anakula kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene magazini ngati Time, imene inaika nkhaniyi pachikuto mu Ogasiti 1982, ankawalemba ngati chilango cha chiwerewere, ndipo manyazi amenewo amavulaza anthu ambiri kuposa zilondazo.

Pali malo awiri pamene matendawa amafuna kusamala kwenikweni. Oyamba ndi HIV: munthu wokhala ndi HSV-2 ali ndi mpata wochuluka pafupifupi katatu wotenga HIV akakumana nayo, chifukwa tizilonda, ngakhale tosaoneka, timatsegula khungu ndi kusonkhanitsa pamalopo maselo amene HIV imalowamo. Akatswiri ankayembekezera kuti acyclovir achepetsa kufala kwa HIV, koma kafukufuku wa mabanja 3,408 m'mayiko asanu ndi awiri a mu Africa, kuphatikizapo Zambia ndi South Africa, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti mankhwalawa anachepetsa zilonda koma sanachepetse kupatsirana HIV, kotero kuti m'banja mmene muli HIV chitetezo chenicheni chili pa ma ARV, PrEP ndi kondomu. Zilonda za herpes zimene zikukula kapena kukhala mwezi wathunthu osapola ndi chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chafooka ndipo zimafuna dokotala msanga.

Malo achiwiri ndi nthawi imene mayi ali ndi pakati. Herpes ya mwana wakhanda ndi yosowa, pafupifupi ana 10 mwa 100,000 obadwa padziko lonse, koma ikachitika imatha kupha kapena kuwononga ubongo. Chodabwitsa ambiri n'chakuti mayi amene wakhala ndi kachilomboka zaka ndi amene ali pabwino, popeza amapatsira mwana chitetezo chake akadali m'mimba, ndipo mpata wopatsira mwanayo pobereka sufika 1 pa 100, pamene mayi amene watenga kachilombo koyamba chakumapeto kwa pakati akhoza kupatsira mwana pa mpata wa 30 mpaka 50 pa 100. Choncho banja loyenera kusamala koposa ndi limene bambo ali ndi kachilombo pamene mayi woyembekezerayo alibe, ndipo madokotala amalangiza kuti m'miyezi itatu yomaliza apewe kugonana, kuphatikizapo kwa m'kamwa ngati bamboyo amatuluka matuza pamilomo. Mayi amene akudziwa kuti ali ndi matendawa auze anamwino a kusikelo kuyambira ulendo woyamba, kuti athe kumuyambitsa acyclovir wa tsiku ndi tsiku pakati pakamafika masabata 36, ndiponso kuti ngati zilonda zitaoneka pa nthawi ya matenda a kubereka, amuchititse opareshoni mwana asanadutse m'njira yoberekera.